Makina Aakulu a Sayansi ndi Magetsi Amene Amadya: Mtsutso

Mutu wa mtsutso: Makina atsopano othamangitsa tizidutswa ta maatomu, pamodzi ndi malo ena aakulu ofufuzira za sayansi, asaloledwe kumangidwa pokhapokha eni ake atadzimanga ndi pangano lakuti sadzadya magetsi oposa amene ankadya makina amene akuwalowa m'malo.

MAWU OYAMBA

Pamalire a France ndi Switzerland, pafupi ndi mzinda wa Geneva, kunsi kwa minda, midzi ndi misewu, kuli ngalande yozungulira yotalika makilomita 27, yokumbidwa mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka, m'mene bungwe la CERN, limene maiko 12 a ku Ulaya analikhazikitsa mu 1954, linaikamo makina otchedwa Large Hadron Collider, kapena LHC mwachidule. Ntchito ya makinawa ndiyo kuthamangitsa mapulotoni, tizidutswa topezeka m'kati mwenimweni mwa atomu, kufikira liwiro lawo litayandikira liwiro la kuwala, ndi kuwawombanitsa kuti anthu aone chimene chitulukapo. Ndipo m'kuwombana kotereku ndi mmene munaonekera kachidutswa kotchedwa Higgs, kamene kanalengezedwa pa 4 July 2012, patapita zaka 48 chinenere Peter Higgs, François Englert ndi anzawo kuti kayenera kukhalapo.

Komatu walira mvula walira matope. M'chaka chimene makina onse ali pantchito, CERN imadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 1.3 biliyoni, ndipo ntchito ikafika pachimake imakoka mamegawati pafupifupi 200. Tsopano bungwe lomweli likulingalira zokumba ngalande ina ya makilomita 91, yotchedwa Future Circular Collider, imene lipoti la mapulani ake linatuluka mu March 2025, ndipo gawo lake loyamba lokha likuyembekezeka kudya ndalama za Switzerland zokwana 15 biliyoni. Popeza makina oterewa akamangidwa amakhala zaka makumimakumi, ndipo popeza dziko lonse likubuula ndi kusintha kwa nyengo, funso la magetsi awo silingasiyidwenso m'manja mwa mainjiniya okha. Tiuika mlanduwu pabwalo, ndipo monga mwa mwambo wa pabwalo, mbali iliyonse ilankhule kufikira itatsiriza, inzake ili chete.

MBALI YOVOMEREZA

1. Wosunga chuma cha eni ayenera kukhala ndi malire. Ndalama zoyendetsera CERN sizichokera m'thumba la mwinichuma mmodzi, koma mu msonkho wa anthu wamba a maiko oposa 20, amene ambiri a iwo sadzapondako ku Geneva moyo wawo wonse. Chotero oyendetsa makinawa ndiwo akapitawo chabe, oyenera kufotokoza za yunitsi iliyonse. Taonani kumene magetsiwo amapita. M'ngalande muja mwandandalikidwa maginito aakulu 1,232, opakidwa utoto wabuluu, otalika mamita 15 ndi olemera matani 35 iliyonse, ndipo kuti mawaya awo apititse magetsi popanda kutentha, amayenera kumizidwa mu heliyamu wamadzi wozizira madigiri 271 kunsi kwa ziro. Makina oziziritsa heliyamu ameneyo, wokwana matani pafupifupi 120, amakoka paokha mamegawati pafupifupi 40, usana ndi usiku, ngakhale pa maola amene m'mapaipi mulibe pulotoni ngakhale imodzi. Pamene ndalama zikutuluka mosalekeza chotere, ati ovomereza, kuika malire si mwano kwa sayansi, koma ndi chimene mwini munda aliyense amafuna kwa kapitawo wake.

2. Makina olusa pa magetsi amayamba kugwada tsiku la njala. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chaka cha 2022 chinatsimikizira mawu amenewa. Pakuti nkhondo ya ku Ukraine itabuka, gasi wa ku Russia atachepa ku Ulaya, ndiponso malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya ku France atatsekedwa kuti akonzedwe, mtengo wa magetsi unakwera koopsa, nakhalapo mantha akuti m'nyengo yachisanu nyumba za anthu zidzakhala mumdima. CERN, imene imagula magetsi ake ambiri ku France, inaimitsa makina ake pa 28 November, kutatsala milungu iwiri kuti tsiku loikika lifike, niichepetsanso ntchito ya 2023 ndi magawo 20 pa 100 alionse. Amene analuza si okhoma msonkho okha ayi, koma asayansi eni ake, makamaka ophunzira amene zaka za maphunziro awo zinali zowerengeka. Chotero makina osunga magetsi ndiwo amene adzagwira ntchito masiku ambiri pachaka, ndipo pangano lotere ndi linga lotchinjiriza sayansi yomwe.

3. Zatheka kale, ndipo mboni zilipo. Ku Grenoble, m'dziko la France, kuli makina a ESRF opanga kuwala kwa X-ray kofufuzira mankhwala, zitsulo ndi mafupa akale. Atamangidwanso ndi kutsegulidwa mu 2020, kuwala kwawo kunawirikiza pafupifupi ka 100, koma magetsi awo anatsika ndi magawo pafupifupi 20 pa 100, mwa zina chifukwa anaikamo maginito okhalitsa, amene mphamvu yawo ili m'chitsulo momwemo ndipo safuna waya. Ku CERN komweko, m'chigawo chotchedwa East Area, maginito amene kale ankayaka kosalekeza anakonzedwa kuti aziyaka pa kamphindi kokha kamene tizidutswa tikudutsa, monga mayi wanzeru amachotsa zikuni pamoto akangophula mphika, ndipo magetsi a chigawocho anatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Ku yunivesite ya Cornell, ku America, makina a CBETA anaonetsa mu December 2019 kuti maelekitironi amene atha ntchito angathe kubweza mphamvu yawo kuti ithamangitse anzawo akudza pambuyo, nzeru imene Maury Tigner anailemba kale mu 1965. Ngati nzeru yotere inagona zaka zambiri isanasamalidwe mokwanira, ati ovomereza, chinasowa si luso koma chikakamizo.

4. Cholakwika cha pa maziko sichikonzeka pa denga. Pafupifupi magetsi onse olowa m'makina oterewa amathera kukhala kutentha, kumene kwa zaka zambiri kwakhala kukutayidwa kumwamba ngati nthunzi yotuluka m'nsanja zoziziritsira madzi. Masiku ano mapaipi ayalidwa kuchokera pa malo achisanu ndi chitatu a LHC kuti madzi ofundawo akatenthetse nyumba za m'tauni ya Ferney-Voltaire. Ku Lund, m'dziko la Sweden, kutentha kwa makina a MAX IV kumalowa m'mapaipi a mzinda. Ndipo ku Kajaani, m'dziko la Finland, kompyuta yaikulu ya LUMI, yomangidwa m'nyumba imene kale inali fakitale ya mapepala, imafunditsa gawo la mzindawo. Koma kuyala mapaipi makina atamangidwa kale n'kodula ndi kovuta kuposa kuwajambula pa pulani poyamba pomwe. Ngalande yatsopano ya ku Geneva, ikavomerezedwa, idzayamba ntchito cha m'ma 2040 ndi kupitirira kufikira chakumapeto kwa zaka za zana lino. Chotero chimene chilembedwa lero chidzamanga adzukulu amene sanabadwe, ndipo nthawi yokhayo yoika malire ndi ino, khasu lisanalowe pansi.

5. Wolalikira kudziletsa ayambe ndi mbale yake. Ndi asayansi amene anachenjeza maiko kuti achepetse utsi wotenthetsa dziko, ndipo mawu awo adzalemera pokhapokha nyumba zawo zomwe zikamvera chenjezolo. Mamegawati 200 a CERN aposa magetsi onse opangidwa pa Kapichira, okwana pafupifupi 130, amene atasowa pambuyo pa namondwe Ana mu January 2022, Amalawi anapirira kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Ndipo munthu amene anaona zimenezo ali ndi ufulu wofunsa ngati olemera akuyesa ndi muyeso womwewo umene amayesera osauka. Ndiponso chitsanzo chinachokera kwa ochepa mphamvu: makina a SESAME, a ku Allan m'dziko la Jordan, amene anatsegulidwa mu 2017 ndipo amagwirizanitsa maiko osamwerana madzi monga Iran ndi Israel, anakhala mu 2019 makina oyamba a mtundu wawo padziko lonse odalira magetsi a dzuwa. Chimene wamng'ono wachita, wamkulu sangachikane ponena kuti n'chosatheka.

MBALI YOTSUTSA

1. Mlandu waikidwa pa mutu wolakwika. Otsutsa sakana kuti mayunitsi 1.3 biliyoni ndi ambiri, koma apempha kuti chiwerengerocho chiikidwe pambali pa zinzake chisanaweruzidwe. Nyumba zosungiramo makompyuta a intaneti padziko lonse zinadya mayunitsi pafupifupi 415 biliyoni mu 2024, monga linawerengera bungwe la International Energy Agency, ndiko kuwirikiza magetsi a CERN koposa ka 300. Ndipo nyumba zimenezo zikuchuluka chaka ndi chaka, popanda wozifunsa pangano lililonse la mtundu uwu. Makina a LHC ndi amodzi okha padziko lonse, ndipo amatumikira asayansi zikwizikwi ochokera m'maiko oposa 100, a ku South Africa ndi maiko ena a mu Africa ali momwemo, amene akadapanda kusonkhana pamalo amodzi sakadatha kuchita ntchitoyi m'pang'ono pomwe. Ngakhale CERN itatsekedwa mawa lomwe, nyengo ya dziko siingasinthe ndi kanthu kooneka, koma chitseko chimodzi cha nzeru chingatsekeke kwa mbadwo wonse.

2. Chilengedwe chili ndi malamulo amene pangano la anthu silingawafafanize. Maelekitironi akamakhota m'ngalande yozungulira amataya mphamvu yawo ngati kuwala, ndipo lamulo lake ndi louma: mukawirikiza mphamvu yawo kawiri m'ngalande yomweyo, imene akutayayo imawirikiza ka 16. Ichi ndicho chinaika malire pa makina a LEP, amene anagwira ntchito m'ngalande ya ku Geneva kuyambira 1989 kufikira 2000, ndipo ndicho chifukwa chake ngalande yatsopano iyenera kukhala yaikulu chotere. Zitsanzo za ku Grenoble ndi ku Jordan n'zoona, koma amenewo ndi makina opanga kuwala, ozungulira mtunda wosakwana kilomita imodzi, ndipo ntchito yawo ndi ina. Wofuna kuona zimene sizinaonekepo ayenera kufika pa mphamvu imene siinafikidwepo. Choncho kulamula kuti makina atsopano asapose akale pa magetsi kungathe kukhala kuwaletsa kotheratu, kuletsa kobisika m'mawu aulemu. Ngati maiko safuna makinawa, ati otsutsa, anene poyera, asabisale kumbuyo kwa mita ya magetsi.

3. Muyeso wa magetsi uphonya litsiro lenileni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mutu wa mtsutsowu ukomera khutu, koma lipoti loyamba la CERN la zachilengedwe, lotuluka mu 2020, linaonetsa kuti mu 2018 mipweya yotenthetsa dziko yotuluka pamalo pomwepo inali yolingana ndi matani pafupifupi 190,000 a mpweya wa kaboni, pamene yochokera ku magetsi ogula inangopitirira pang'ono matani 30,000. Chifukwa chake n'chakuti magetsi ambiri a ku France ndi a nyukiliya, otulutsa utsi wochepa, pamene zipangizo zojambulira tizidutswa zimadzazidwa ndi mipweya ya fluorine, imene imadontha pang'onopang'ono m'malumikiziro osafikika ndi dzanja. Ndipo kilogalamu imodzi ya umodzi wa mipweyayi, wotchedwa SF6, imatenthetsa dziko ngati makilogalamu oposa 23,000 a kaboni. Onjezanipo simenti ndi zitsulo zomangira ngalande, ndi miyala yokumbidwa yosowa kotaya. Pangano loyang'ana magetsi okha lingapereke chiphaso kwa makina akuda odya magetsi ochepa a malasha, ndi kukaniza makina oyera odya magetsi ambiri a madzi.

4. Luso losunga magetsi limabadwira m'makina omwewa. Maginito ozizira amene ovomereza akuwadandaula ndiwo njira yaikulu yosungira magetsi imene sayansiyi inapeza, pakuti ndi maginito wamba ngalande ya LHC ikadayenera kutalika makilomita pafupifupi 120 kuti ifike pa mphamvu yomweyo. Pamene makina a Tevatron ankamangidwa ku Fermilab, pafupi ndi Chicago, nayamba ntchito mu 1983, kufunika kwa mawaya a niobium ndi titanium kunakuza mafakitale amene pambuyo pake anapangira zipatala maginito a makina a MRI. Lero padziko pali makina othamangitsa tizidutswa oposa 30,000, ndipo ochuluka ali m'mafakitale ndi m'zipatala, mmene amawotcha zotupa za khansa. A iThemba LABS, pafupi ndi Cape Town, amapanga mankhwala ounikira matenda m'thupi. Ngakhale World Wide Web inabadwira ku CERN mu 1989 m'manja mwa Tim Berners-Lee, niperekedwa kwaulere kwa anthu onse mu 1993. Palibe mwa zipatsozi chimene chinalonjezedwa pasadakhale, ndipo palibe mlembi wa pangano akadatha kuchiwerengera.

5. Ntchito yokanidwa pano imakamera kwina. Mu 1993 nyumba ya malamulo ya ku America inathetsa ntchito yomanga makina a Superconducting Super Collider ku Waxahachie, m'chigawo cha Texas, atawononga kale madola pafupifupi 2 biliyoni ndi kukumba makilomita oposa 20 mwa 87 amene anakonzedwa. Ngalandeyo inasiyidwa, akatswiri anabalalika, ndipo ulemu wopeza kachidutswa ka Higgs unapita ku Ulaya. Lero asayansi a ku China nawonso akhala akujambula mapulani a ngalande ya makilomita 100, m'dziko limene magetsi oposa theka amachokera ku malasha. Ulaya akadzimanga yekha manja, makinawo angathe kukamangidwa kumene utsi wawo udzachuluka koposa, ndipo dziko lidzakhala litaluza kawiri. Ndiponso dzuwa limalowa ndipo mphepo imaleka, pamene maginito ozizira sangazimitsidwe madzulo ndi kuyatsidwa m'mawa, popeza kuwaziziritsanso kumatenga milungu. Motero zimene zatheka pa makina aang'ono sizingasamutsidwe mwachibwana kupita pa aakulu.

CHIGAMULO

Titamva mbali zonse ziwiri, tipeza kuti anthuwa sasiyana pa cholinga, pakuti palibe wotsutsa amene wanena kuti kuwononga magetsi n'kwabwino, ndipo palibe wovomereza amene wanena kuti kufufuza chilengedwe n'kwachabe. Asiyana pa chingwe choyesera. Ovomereza alasa pamene anena kuti nthawi yoweruza ndi ya mapulani, ndi kuti luso losunga magetsi limafulumira pokhapokha pali wolifunsa. Umboni wa ku Grenoble ndi wa East Area sungakanidwe, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Mfundo yoyamba ya otsutsa, yakuti ena akudya zambiri, ndi yopepuka pabwalo, popeza kulakwa kwa mnzako sikukuyeretsa iwe; ndipo yachisanu, ngakhale ili ndi choonadi, ndi mawu amene aliyense wokana kudziletsa angathe kuwanena.

Koma mfundo yawo yachiwiri ndi yachitatu ndi zolemera, ndipo ovomereza sanaziyankhe. Pangano limene liyang'ana mita ya magetsi yokha, n'kusiya mipweya imene pa CERN inaposa utsi wa magetsi kasanu ndi kamodzi, n'kusiyanso simenti ya ngalande ndi gwero la magetsiwo, lidzakondweretsa olemba malipoti koma silidzapulumutsa nyengo. Ndipo pangano losasiyanitsa makina obwereza ntchito yakale ndi makina otsegula njira yatsopano lidzalanga kulimba mtima m'malo mwa kulanga kusasamala.

Chifukwa chake mutuwu, monga unalembedwera, sitiuvomereza. Koma mtima wake tiusunga, ndi kuumanga pa zinthu zinayi. Choyamba, maiko asanavote zopereka ndalama, eni makina aonetse poyera chiwerengero chonse cha utsi ndi magetsi, kuyambira thumba loyamba la simenti kufikira tsiku lophwasula, ndipo chiwerengerocho chiunikidwe ndi anthu osadya nawo. Chachiwiri, muyeso ukhale wa zokolola pa yunitsi iliyonse, kuti makina atsopano aonetse kuti pa magetsi omwewo akutulutsa kuwombana kapena kuwala kochuluka koposa akale. Chachitatu, mipweya ya fluorine ipatsidwe chaka chothera, ndipo mapaipi otengera kutentha ku nyumba za anthu ajambulidwe pamodzi ndi ngalande. Chachinayi, magetsi alionse oonjezera achokere ku magwero oyera, ndipo palembedwe kuti m'nyengo ya kusowa, chipatala ndi nyumba ya munthu wamba zidzatsogola, makina adzadikira, monga anachitira mu 2022.

Maiko a CERN akuyembekezeka kugamula za ngalande yatsopano cha mu 2028. Eni mapulani akabwera ndi zinthu zinayizi zolembedwa ndi zosindikizidwa, apatsidwe chilolezo amange. Akabwera ndi malonjezo apakamwa okha, abwezedwe akakonzenso.